Mwana wanga akuwerenga buku lachikhristu lodzaza ndi uhule ndi nkhanza. Ndimulande?

Funso la mayi wina: Ndine mayi wa ana anayi, ndimapemphera, ndipo ndili m'bungwe la amayi kumpingo kwathu. Mwana wanga wamkazi wa zaka 16, amene ali Fomu 3, wabwera kuholide ndi buku lachingerezi lotchedwa Redeeming Love, akuti wabwereka kwa mnzake. Akuti ndi lachikhristu chifukwa likuchokera pa nkhani ya mneneri Hoseya. Usiku wina iye atagona ndinalitsegula. Ndinapeza kamtsikana ka zaka 8 kakugulitsidwa kwa bambo wamkulu, kenako nyumba za mahule, kumenyedwa, kuchotsedwa mimba. Thupi lonse linachita tsembwe. Kodi Paulo sananene kuti tiziganizira zoyera ndi zokongola? Buku lachikhristu lingakhale ndi zoterezi? Ndimulande?

Yankho:

Mayi, musamulande bukulo, komanso musamusiye nalo yekha. Mwachita bwino kulitsegula, chifukwa makolo ambiri akangomva kuti "ndi la Mulungu" amagona tulo. Ndaphunzitsa mabuku a nthano kusekondale kwa zaka zambiri, ndipo buku limeneli ndaliona likudutsa m'manja mwa atsikana mpaka chikuto kuthothoka. Nkhawa yanu ndikuimva, koma ine yanga ili pa tsamba lina, losiyana ndi limene linakuchititsani tsembwelo. Ndifikapo.

Bukuli analemba ndi Francine Rivers wa ku America. Mayiyu anayamba ndi kulemba nthano zachikondi zakudziko, ndipo atatembenuka mtima mu 1986 anakhala kanthawi osatha kulemba. Redeeming Love inatuluka mu 1991, kenako inasindikizidwanso mu 1997 ndi kampani ya mabuku achikhristu ya Multnomah atakonzamo zina, ndipo mu 2022 anaipangira filimu. Nkhani yake ikuchitikira ku California m'ma 1850, nthawi imene anthu ankakhamukira kumeneko kukakumba golide. Golideyo anapezeka mu 1848, ndipo pofika pa kalembera wa 1850, mwa anthu 10 alionse amene anawerengedwa ku California, oposa 9 anali amuna. Taganizirani misasa yodzaza anyamata okhala ndi ndalama m'thumba, kutali ndi makolo ndi akazi awo, boma kulibe kwenikweni. Mtsikana pamalo otero anali malonda. Wolembayo sanapeke nkhanzazo kuti atiopseze, anazipeza m'mbiri ya dziko lake.

Kale nthano zachikondi zachikhristu sizinali chonchi. Buku limene ambiri amati linatsegula msika umenewu ndi Love Comes Softly la Janette Oke wa ku Canada, la 1979. Muli umasiye, umphawi, kuzizira kwa m'chipululu, koma dothi la munthu limakhala patali. Mabuku mazanamazana anatsatira njira imeneyo, oti mukhoza kuwasiya patebulo abusa atabwera kudzacheza. Rivers ndi ena amene anabwera pambuyo pake anaona kuti akazi ambiri okhala m'mabenchi a tchalitchi sankadziona m'mabuku oyera mbee amenewo, chifukwa iwo anagwiriridwapo, anachotsapo mimba, anamenyedwapo. Kuika nkhani m'nthawi yakale kumathandizanso wowerenga. Chimene sangathe kuchiyang'ana chikakhala cha pakhomo pake, amatha kuchiyang'ana chikavala madiresi a 1850.

Tsopano za Paulo. Vesi mukunenalo ndi Afilipi 4:8. Litsegulenso muone chimene chili poyamba pa mndandandawo. Asanatchule zoyera ndi zokongola, akuyamba ndi zoona, kenako zolemekezeka ndi zolungama. Pa Aefeso 5:11 ndi 12 Paulo yemweyo akunena zinthu ziwiri zoyandikana: kuti ntchito za mdima tizizitsutsa poyera, ndi kuti zimene anthu amachita mseri n'zochititsa manyazi ngakhale kuzitchula. Wolemba wachikhristu aliyense amene wagwira nkhani yamdima amayenda pakati pa mavesi awiriwa. Akabisa zonse wanama. Akavula zonse wasandutsa tchimo kukhala chionetsero.

Baibulo lenilenilo limatani? Werengani 2 Samueli 13. Amnoni, mwana wa mfumu Davide, wadwala ndi chilakolako cha mlongo wake Tamara. Mnzake Yonadabu akumupangira nzeru yoti adzidwalitse. Tamara akutumidwa ndi bambo ake omwe kuti akaphikire wodwalayo. Tikumuona akukanda ufa, akuumba timikate, akuphika, mlongo wake akuyang'ana ali gone. Anthu onse akutulutsidwa. Tamara akuchonderera, akupereka zifukwa, akufika ponena kuti ndi bwino Amnoni akalankhule ndi mfumu. Chochitikacho Baibulo likuchinena m'chiganizo chimodzi chachifupi, osakometsera kanthu. Koma likutenga nthawi pa zotsatira zake: chidani cha Amnoni chimene chinaposa chikondi chake chija, wantchito akumukankhira kunja n'kutseka chitseko, phulusa kumutu, mkanjo wong'ambika, manja pamutu, kulira mumsewu. Abisalomu, mlongo wake wina wa Tamara, akumuuza kuti akhale chete, Amnoni ndi mlongo wake, asaziike kumtima. Davide akumva, akukwiya kwambiri, koma osachitapo kanthu. Ndipo Tamara akukhala m'nyumba ya Abisalomu ali wosweka mtima, mpaka nkhani yake kutha. Palibe mwamuna wabwino amene akubwera kudzamupukuta misozi.

Muyezo wanga wa mabuku onse a mtundu uwu ndinautenga m'chaputala chimenechi. Sindifunsa ngati muli mdima. Ndimafunsa kuti wolemba wandiimika pati pamene choipacho chikuchitika. Ngati wandiimika pafupi ndi wochitiridwayo, ndikumva mantha ake ndi manyazi ake, ndiye kuti akundiphunzitsa chifundo. Ngati wandiimika pa zenera kuti ndizisuzumira thupi lake, ndiye kuti akundidyetsa chilakolako, ngakhale pamwamba pa tsamba pakhale vesi. Pa muyezo umenewu Rivers wakhoza. Pa tsamba lija la mwana wa zaka 8, ife tili m'maso mwa mwanayo, ndipo chitseko chikutsekedwa tisanaone zonyansazo. Chimene tikutsala nacho ndi choti bambo uja wamulanda ngakhale dzina. Anali Sarah, iye akumutcha Angel, ndipo dzina lenilenilo mtsikanayo akulibisa mumtima mpaka kumapeto kwa buku. Ndikuchenjezeni kuti kutsogolo kuli zina zolemera kuposa zimene mwaonazo, kuphatikizapo zimene zinachitika pakati pa Angel ndi bambo ake omubereka, komanso muli masamba a kuchipinda pakati pa mwamuna ndi mkazi wake. N'chifukwa chake mwana wa Fomu 1 sindingamupatse. Wa zaka 16, mayi ake ali pafupi, ndingamulole.

Chaka china mtsikana wa m'kalasi mwanga anatsalira anzake atatuluka. Anali ndi buku lomweli, akulipinda ngodya ndi chala. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anati, "Aphunzitsi, kodi zikamuchitikira munthu ali mwana, Mulungu amamuwerengera kuti wachita chigololo?" Anali atamva maulaliki ambirimbiri a chiyero, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuzapo kuti tchimolo ndi la amene anamugwirayo. Bukulo ndi limene linamupatsa mawu oyambira. Tsiku lomwelo tinapita limodzi kwa mphunzitsi wamkazi amene ankayang'anira atsikana, nkhani inayenda m'njira yake. Chiyambire tsiku limenelo sindinaletsenso mwana aliyense buku chifukwa chongoti muli zowawa.

Nkhawa yanga ili pa mwamuna wa m'bukumo, Michael Hosea. Iyeyu ndi mlimi wopemphera. Akuona Angel akuyenda mumsewu ndipo akumva Mulungu akumuuza kuti uyu ndiye mkazi wako. Angel akukana mobwerezabwereza. Ukwati wawo ukuchitika mkaziyo atamenyedwa mpaka kutsala pang'ono kufa, sakudziwa bwinobwino chimene akuvomera. Akathawa, Michael amamutsatira n'kumubweza kumudzi. M'nthanomo zonsezi zimakoma chifukwa ife owerenga tikudziwa kuti Michael wamvadi mawu a Mulungu ndipo mtima wake ndi woyera. Koma mwana wanu sadzakhala ndi wolemba womunong'oneza kuti mnyamata uyu akunena zoona. Adzangokumana ndi m'bale wa ku felosipu womuuza kuti "Mulungu wandionetsa kuti ndiwe mkazi wanga", wosamva kukana, ndipo ngati bukuli lamulowa molakwika adzayesa kuti kuumirira koteroko ndiye chikondi cha Mulungu. Ena amalitembenuza, iwo n'kudziika pa malo a Michael. Amati mwamuna wanga ndi chidakwa, amandimenya, amayendayenda, koma ine ndine Hoseya wake, ndimukonda mpaka asinthe. Kuno kwathu mtsikana amamva kale kuyambira ku chilangizo kuti banja ndi kupirira. Safunika buku lina lomuwonjezera katundu ameneyo.

Tikumbukire kuti ukwati wa Hoseya ndi Gomeri unali chizindikiro cha uneneri. Mwamunayo akuimira Mulungu, mkaziyo akuimira Israeli amene anathamangira milungu ina. Mulungu sankapereka malangizo a mmene tingasankhire banja, monganso pamene anauza Yesaya kuyenda wopanda nsapato sankalamula ife tonse kutero. Palinso kusiyana kumene nthanoyi imakuphimba. Israeli anasankha yekha kusiya Mulungu wake. Angel sanasankhe kanthu, anagulitsidwa ali mwana. Kuika mwana wogulitsidwa pa mpando wa mkazi wachigololo wofunika kukhululukidwa n'chinthu chimene chimandivuta nthawi zonse ndikamawerenga bukuli.

Ndimupatse Rivers ulemu wake, chifukwa mbali ina ya vutoli anaiona. Angel akuchoka komaliza pamene wayamba kumukonda Michael, ndipo ulendo uno Michael sakumutsatira. Wazindikira kuti mkaziyo wamusandutsa iye kukhala mulungu wake. Angel akukakumana ndi Mulungu ku San Francisco, kutali ndi mwamuna wake, ndipo akutsegula nyumba yophunzitsiramo ntchito zamanja akazi ofuna kusiya uhule. Akubwerera kumudzi mwa kufuna kwake, n'kumuuza Michael dzina lake lenileni. Masamba amenewa ndiwo mtima wa buku, ndipo atsikana ambiri amawadutsa mothamanga pofuna kuona ngati awiriwo abwererana. Tsamba lomaliza lokha ndi limene limandikhumudwitsa, pamene mkazi amene anawonongedwa chiberekero akubereka ana mozizwitsa. Mulungu angathe, sindikukana. Koma mayi amene wadikira mwana zaka 15 akawerenga zimenezo amatseka buku akudzifunsa kuti iye ndiye analakwa chiyani.

Umu ndi mmene nthano yachikondi imakhalira. Iyenera kuthera pa ukwati wokoma, ndiye bala lililonse limene yatsegula imalimanga ndi ukwatiwo. Pa chifukwa chimenechi, wachinyamata amene wayamba kukonda mabuku achikhristu a nkhani zolemera ndimamupatsanso a mtundu wina, nthano zofufuza milandu. Izi sizithera pa mphete. Zimathera pa kutchula dzina la amene anachita choipacho.

Mtundu umenewu ndi wakale kuposa mmene ambiri amaganizira. M'Baibulo la Akatolika, pa Danieli 13, muli nkhani ya Suzana, imene m'Buku Lopatulika simungaipeze. Akuluakulu awiri oweruza milandu ku Babiloni akumubisalira m'munda pamene akusamba, ndipo akumuuza kuti agone nawo, akakana amunamizira kuti amupeza ndi mnyamata. Iye akukana. Khamu likukhulupirira akuluakuluwo chifukwa cha imvi zawo ndi udindo wawo, ndipo Suzana akuweruzidwa kuti aphedwe. Mnyamata Danieli akuimitsa gululo, akuwalekanitsa awiriwo, n'kufunsa aliyense payekha funso limodzi: munawapeza pansi pa mtengo wanji? Wina akutchula mtengo uwu, mnzake mtengo wina. Apolisi mpaka lero amafunsa mboni motero.

Mwa mabuku amakono, amene ndimawakonda kwambiri ndi a Ellis Peters, dzina lolembera la mayi wa ku England Edith Pargeter. Kuyambira mu 1977 analemba mabuku 20 a nthano zazitali za Cadfael, bulazala wa chipani cha Benedikito ku Shrewsbury, amene asanalowe m'chipanimo anali msilikali, ndipo tsopano amalima ndi kusakaniza mankhwala azitsamba. Nthawi yake ndi ya nkhondo yapachiweniweni yolimbirana ufumu wa England pakati pa mfumu Stephen ndi msuweni wake Maud. Buku lachiwiri, One Corpse Too Many, likuyambira pa chinthu chimene chinachitikadi mu 1138, pamene Stephen analanda linga la Shrewsbury n'kunyonga asilikali amene ankaliteteza. M'nthanomo onyongedwa ndi 94. Cadfael akutumidwa kukakonza mitemboyo kuti iikidwe m'manda mwachikhristu. Akuisambitsa, akuiyala m'mizere, akuiwerenga, ndipo akupeza 95. Akuwerenganso, 95. Mkulu wa asilikali akuti mwina kunali kulakwitsa kuwerenga, ndipo pa mulu wotere mmodzi ndi chiyani. Cadfael akuwerama pa mtembo umodzi n'kuona kuti chipsera cha pakhosi si cha chingwe chonyongera, ndi cha kachingwe kopyapyala kokokedwa kuchokera kumbuyo. Wina wapha munthu wake n'kumuponya pakati pa ophedwa ndi mfumu kuti asoweke. Buku lonse likuchokera pa kukana kwa bulazala ameneyu kuti munthu mmodzi atayike m'chiwerengero. Mulibe ulaliki wautali m'mabuku a Cadfael, ndipo sanalembedwere msika wa tchalitchi, koma ine sindidziwa fanizo lina la nkhosa imodzi yotayika limene linandigwira mtima ngati kuwerenga mitembo kumeneko. Muli chikondinso, pafupifupi buku lililonse lili ndi mnyamata ndi mtsikana ofunana, koma chikondicho sichiloledwa kukwirira mlandu. Akuluakulu athu ankati mlandu suola, ndipo mabuku amenewa amayenda pa mfundo imeneyo.

Wina ndi Father Brown wa G. K. Chesterton, amene nthano yake yoyamba inatuluka mu 1910. Iyeyu ndi wansembe wamfupi, wooneka wopepera, amene Chesterton anamutengera kwa mnzake weniweni, wansembe John O'Connor. Achifwamba amadabwa kuti munthu wa Mulungu akudziwa bwanji njira zawo zonse, ndipo iye amawakumbutsa kuti munthu amene ntchito yake ndi kumva anthu akulapa machimo sangakhale mbuli pa zoipa za anthu. Pena akufotokoza kuti amagwira wakupha chifukwa amadziika mumtima mwa wakuphayo mpaka kuona kuti iyenso akanatha kuchita zomwezo. Chingerezi chake n'cholimbirapo, koma nthanozo n'zazifupi, mwana wa Fomu 3 angathe imodzi pa tsiku.

Nazonso zili ndi pofooka pake. Zina zimasandutsa imfa ya munthu kukhala ndagi yongosangalatsa ubongo, mtembo uli apo palibe woulira. Ndipo Father Brown nthawi zina amalola wolakwa kupita akalapa ndi kubweza zimene anaba. Pa mbava ya masipuni asiliva zimenezo n'zokoma. Pa munthu wogwirira ana n'zoopsa, ndipo mipingo yalipira mtengo waukulu chifukwa cha maganizo otere. Mu 2002 nyuzipepala ya Boston Globe inaulula mmene akuluakulu a mpingo wa Katolika mumzinda wa Boston ku America ankasamutsira ansembe ogwirira ana kuchoka parishi ina kupita ina, ndipo mu 2022 lipoti lina linaonetsa kuti atsogoleri a Southern Baptist Convention, mpingo wa Baptist wa ku America, nawonso anakhala zaka zambiri akunyalanyaza madandaulo a ochitiridwa nkhanza. Konseku mawu oti chikhululukiro ndi mbiri ya mpingo ankagwira ntchito yomwe ija ya mawu a Abisalomu kwa Tamara. Choncho buku lachikhristu likafika pa kukhululuka, ndimayang'ana ngati wolakwayo watchulidwa, ngati waletsedwa kuchitanso, ndiponso ngati wochitiridwayo wapatsidwa nthawi kapena akungokankhidwa kuti amwetulire chaputala chisanathe.

Chochita ndi ichi. Muuzeni mwanayo kuti munalitsegula bukulo ndipo linakuopsani, musanamizire kuti simunalione. Mupempheni kuti muziwerenga mosinthana, iye masana inu usiku, ndipo muzikambirana mukusenda mbatata kapena mukuchapa, pamene maso sakuyang'anana, chifukwa ana amamasuka nthawi zoterozo. Musamufunse ngati mayeso. Mufunseni kuti akuganiza kuti Angel anavomeradi ukwati uja kapena ayi. Mufunseni kuti mnyamata atabwera kwa iye ndi mawu a Michael angamuyankhe chiyani, nanga angadziwe bwanji kuti ndi Mulungu walankhula. Mufunseni kuti pa zonse zimene zinamuchitikira Angel ali mwana, tchimo lake iyeyo ndi liti, ndipo mudikire yankho lake musanapereke lanu.

Mwina adzangoseka n'kunena kuti amama, ndi buku chabe. Zili bwino. Koma mukaona kuti wakhala chete modabwitsa, kapena wayamba ndi mawu oti "pali mnzanga wina", ikani pansi chimene mwagwira, mumvetsere mpaka amalize, osakalipa, osafunsa kuti unkatani kumeneko. Ngati chinthu chachitika posachedwa, kuchipatala kuli mankhwala oteteza ku HIV amene amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Nkhani yotere si ya pa bwalo la banja kapena ya ku vesitili yokha, ngakhale wochitayo akhale malume kapena mkulu wa mpingo.

Akamaliza bukulo, tsegulani naye 2 Samueli 13, muwerenge mokweza kuyambira vesi 1 mpaka 22, kenako mumufunse kuti Davide akanachita chiyani tsiku limene anamva. Pambuyo pake mumufunire la Cadfael. Mabuku ake amapezekapezeka pa milu ya mabuku a kaunjika, ndipo ngakhale mutayamba ndi la pakati nkhani imamvekabe, koma mukapeza la mitembo 95 lija yambani ndi limenelo.